Nduna tinali nazo: boma la Tonse poliyang'ana kuchokera kuchigwa cha Shire

Mtsogoleri wa dziko akangolengeza mayina a nduna zake, funso loyamba lomwe limamveka pa Dyeratu, pa Nchalo, pa Ngabu mpaka ku Marka limakhala limodzi: wakwathu alimo? Akakhalamo, anthu amati ulendo uno atikumbukira. Akasowamo, amati atitaya. Funsoli si lachibwana. Munthu amene msewu wake umaduka dzinja lililonse ali ndi chifukwa chokwanira chofunira womuyankhulira kumene kumagawidwa ndalama za boma. Koma zaka za boma la mgwirizano wa Tonse, kuchokera mu Juni 2020 kufika pa chisankho cha mu Sepitembala 2025, zinatipatsa mpata woliyeza funsoli, chifukwa pa nthawi imeneyo anthu a kuchigwa kuno anagwirako maunduna awiri omwe timawalirira kwambiri, wa misewu ndi wa madzi. Kuti timvetse chifukwa chake zina zinayenda pomwe zambiri zinaima, tiyenera kuona mmene bomalo linamangidwira, amene anali ndi mphamvu zenizeni m'menemo, ndi kumene ndalama zinkachokera.

Boma lobadwira kukhoti

Pa chisankho cha pa 21 Meyi 2019, bungwe la MEC linalengeza kuti a Peter Mutharika apambana ndi mavoti 38.6 peresenti, a Lazarus Chakwera a MCP apeza 35.4, a Saulos Chilima a UTM 20.2. Awiri ogonjawa anakasuma, ndipo pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anafafaniza zotsatirazo, mwa zina chifukwa cha mapepala ofufutidwa ndi Tippex. Anthu amakumbukira Tippex, koma chimene chinasintha ndale zathu kwambiri ndi mfundo ina ya m'chigamulo chomwecho: wopambana upulezidenti ayenera kupeza mavoti oposa theka la onse oponyedwa, chija timangoti 50+1. Masamu a 2019 anali poyera, palibe akanafika pa theka ali yekha. Choncho MCP ndi UTM zinagwirana manja n'kukokeramo zipani zina 7, kuphatikizapo PP ya mayi Joyce Banda ndi AFORD, zonse pamodzi 9. Pa 23 Juni 2020 a Chakwera, ali ndi a Chilima ngati wachiwiri wawo, anapambana ndi mavoti 58.6 peresenti.

Kuchigwa kuno nkhaniyi inali ndi mbali yakeyake. Mu 2019 amene anaima ndi a Chakwera anali malemu a Sidik Mia a ku Chikwawa. Iwo analowa MCP mu 2017, ndipo chaka chomwecho chipanicho chinatenga mpando wa Nsanje Lalanje pa chisankho chapadera, zimene ambiri ankati sizingatheke kummwera. Mgwirizano utabwera, a Mia anapatuka kuti a Chilima adutse. Munthu akasiya mpando waukulu chotero aliyense amadziwa kuti pali ngongole, ndipo anthu ankayembekezera kuti ngongoleyo ibwezedwa pogawa maunduna, ngakhale kuti mavoti ambiri a ku Chikwawa ndi Nsanje anapita kwa a Mutharika.

Pali zinthu ziwiri zimene ambiri sanazilabadire m'chisangalalo cha nthawiyo. Choyamba, khoti linabwereza chisankho cha pulezidenti chokha. Nyumba ya Malamulo inakhalabe ija ya 2019, momwe DPP inapeza mipando 62, MCP 55, oima paokha 55, UDF 10, PP 5, UTM 4 ndi AFORD umodzi. UTM inabwera mumgwirizano ndi mavoti oposa miliyoni imodzi, koma aphungu anayi okha. Boma likafuna kudutsitsa bajeti, mphamvu yake sinali mwa abwenzi ake a mu Tonse, inali mwa aphungu oima paokha, ndipo amenewa sabwera ulele. Chachiwiri, pangano lomwe a Chakwera ndi a Chilima anasainirana silinaulutsidwe kwa anthu ovota. Mu Julayi 2022 a Chilima ananena poyera kuti anagwirizana zoti mu 2025 adzaima ndi iwo, a MCP n'kukana. Mgwirizanowu unamangidwa kuti upambane chisankho. Za mmene udzalamulire limodzi zinasiyidwa kuti zidzaoneka kutsogolo.

Nduna ili ndi mphamvu zanji kwenikweni

Malamulo oyendetsera dziko lino amapereka kwa pulezidenti yekha mphamvu yosankha ndi kuchotsa nduna. Nyumba ya Malamulo sivomereza kapena kukana mayinawo, ndipo munthu atha kukhala nduna asali phungu. Wachiwiri kwa pulezidenti ndiye sachotsedwa wamba, poti anavoteredwa pamodzi ndi abwana ake, koma ntchito zoti agwire amapatsidwa ndi pulezidenti yemweyo, ndipo angathe kulandidwa. N'chifukwa chake mgwirizano wa zipani kuno umasiyana ndi wa m'mayiko olamulidwa ndi nduna yaikulu, kumene chipani chimodzi chikatuluka boma limagwa. Kuno mavoti akawerengedwa, mnzako wa mumgwirizano amasanduka wopempha.

Ndunayo nayonso sigwira ndalama. Amene amasainira ndalama za unduna ndi mlembi wamkulu, ndipo iye amadikira kuti a ku Treasury atulutse zimene Nyumba ya Malamulo inavomereza. Zovomerezedwa papepala ndi zotuluka zenizeni nthawi zambiri sizifanana. Msewu waukulu umadutsa m'manja mwa Roads Authority, ndalama zake zokonzera zimachokera ku Roads Fund Administration, yomwe imadalira msonkho wa pa lita iliyonse ya mafuta, ndipo kontrakiti isanaperekedwe imayenera kudutsa ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma. Ntchito zikuluzikulu monga ngalande ya mthirira zimayendera ndalama za World Bank ndi African Development Bank, zomwe zili ndi malamulo awoawo. Nduna ingathe kukankha fayilo, kukumbutsa pulezidenti, kubweretsa alendo kudzaona pamene paduka. Koma ndalama zikasowa kumtunda, imakhala ngati mwini bwato amene alibe nkhafi.

Amene analowa, amene anatuluka

Mndandanda woyamba, wa mu Julayi 2020, unali ndi mayina 31. A Felix Mlusu anatenga zachuma, a Lobin Lowe zaulimi, a Richard Chimwendo Banda zachitetezo cha m'dziko, a Eisenhower Mkaka za ubale ndi mayiko ena. A Chilima anapatsidwa unduna wa mapulani a zachuma ndi kukonzanso ntchito za boma. A Mia anakhala nduna ya mtengatenga ndi ntchito za boma, akazi awo mayi Abida Mia, phungu wa Chikwawa Nkombezi, n'kukhala wachiwiri kwa nduna ya zamalo. Dandaulo linabwera tsiku lomwelo. Anthu analoza banja la a Mia, analoza a Ken Kandodo ku unduna wa zantchito ndi mlongo wawo mayi Khumbize Kandodo Chiponda ku zaumoyo, analoza kuchuluka kwa nduna za m'chigawo chapakati, analozanso kuti amayi ambiri anangopatsidwa uchiwiri. A Chakwera anayankha kuti anasankha poona luso, ndipo analonjeza kuunikanso ndunazo pakatha miyezi yowerengeka. Kuunikako kunachedwa kwambiri.

Kwa ife chiyembekezo chachikulu chinatha msanga. Pa 12 Januwale 2021 a Mia anamwalira ndi Covid-19, tsiku limodzi ndi nduna ya maboma ang'ono a Lingson Belekanyama. Anakhala pa unduna wa misewu miyezi isanu ndi umodzi yokha, nthawi yosakwana ngakhale kumaliza kusankha kontrakitala wa ntchito imodzi yaikulu. Undunawo unadzapita kwa a Jacob Hara a ku Mzimba. Komabe mphepo ya MCP inali idakali kuomba: mu Malichi 2021, makhoti atafafaniza zotsatira za 2019 m'madera ena, chipanicho chinatenga Nsanje Central ndi Nsanje North, mipando yomwe inali ya a Francis Kasaila ndi mayi Esther Mcheka Chilenje a DPP. Mwa ovota munali ambiri amene ankangowerengera kuti phungu wa mbali ya boma ndiye amabweretsa chitukuko.

Zimene zinatsatira ndi kutuluka kwa nduna imodziimodzi. A Kandodo anachotsedwa mu Epulo 2021 pa nkhani ya ndalama za Covid, kafukufuku wa K6.2 biliyoni atatuluka. A Newton Kambala a UTM, nduna ya zamagetsi ndi mafuta, anamangidwa mu Ogasiti 2021 powaganizira kuti analowerera pa makontrakiti ogula mafuta. Nduna ya zamalo a Kezzie Msukwa inatchulidwa pa nkhani za katangale zokhudza wamalonda Zuneth Sattar, ndipo pa 24 Januwale 2022 a Chakwera anachotsa nduna zonse. Mu Okutobala chaka chomwecho a Lowe anachotsedwa, boma litalipira K750 miliyoni ya feteleza ku kampani ya ku UK yomwe inadziwika kuti ntchito yake inali yogulitsa nyama. Unduna wa zachuma unadutsa m'manja atatu: a Mlusu, a Sosten Gwengwe, a Simplex Chithyola Banda. Mkulu wa bungwe lolimbana ndi katangale la ACB pa nthawiyo, mayi Martha Chizuma, omwe kusankhidwa kwawo kunapatsa anthu chikhulupiriro, anamangidwa m'bandakucha mu Disembala 2022, ndipo ngakhale anatulutsidwa tsiku lomwelo, uthenga unali utamveka.

Pakati pa mitu iwiri ya mgwirizano zinthu zinali zitaphwa kale. Mu Juni 2022 a Chakwera analanda a Chilima ntchito zomwe anawapatsa, mu Novembala ACB inamanga a Chilima powaganizira za katangale, ndipo mlanduwo unathetsedwa mu Meyi 2024 usanafike pa chigamulo. Pa 10 Juni 2024 a Chilima ndi anthu ena 8 anafa pa ngozi ya ndege m'nkhalango ya Chikangawa. A Michael Usi analowa m'malo mwawo, UTM inatuluka mu Tonse mwezi wotsatira, ndipo boma silinagwedezeke n'komwe, monga momwe malamulo aja amanenera.

Akuluakulu a ku Nsanje zimenezi sizinawadabwitse. Mbuya Gwanda Chakuamba anatsogolera mgwirizano wa zipani pa chisankho cha 2004, dzina lake Mgwirizano, ndipo mu 2005 a Bingu wa Mutharika anawapatsa unduna wa zaulimi. Chaka chisanathe anali atachotsedwa.

Ndalama

Malonjezo a Tonse aliyense amawadziwa pamtima: ntchito 1 miliyoni, kudya katatu pa tsiku, feteleza wa K4,495, pasipoti ya K14,000, kulumikiza madzi ndi magetsi mwaulere, ndalama ya mwezi ndi mwezi ya okalamba, minda ikuluikulu ya boma. Onsewa amafuna ndalama, ndipo mbiri ya boma limeneli kwenikweni ndi mbiri ya kusowa kwa ndalama zakunja.

Zina sizinali zofuna za aliyense. Covid inaimitsa malonda, nkhondo ya Russia ndi Ukraine mu 2022 inakweza mitengo ya feteleza ndi mafuta padziko lonse, anamondwe anabwera motsatizana. Bomali linapezanso ngongole zodula za ku Afreximbank ndi Trade and Development Bank, komanso mlandu ndi IMF wa ziwerengero zolakwika za ndalama zakunja zomwe Reserve Bank inapereka m'nthawi ya boma lapitalo. Koma zina zinali zosankha zake. Linapitiriza kugwiritsa ntchito ndalama zoposa zimene MRA imatolera, n'kumakongola m'mabanki a m'dziko momwemuno pa chiwongoladzanja chokwera, mpaka kubweza chiwongoladzanja kunayamba kudya gawo lalikulu la bajeti kuposa maunduna ambiri. Maulendo a pulezidenti ndi gulu lake anakhala nyimbo ya pa wailesi.

Kwacha inali pafupifupi K740 pa dola imodzi pamene a Chakwera ankalumbira. Inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, n'kufika cha m'ma K1,700, pomwe kumsika wamseri inkadula kuwirikiza. Kugwetsa kwachiwiriko kunatsegula njira ya ngongole ya IMF ya madola pafupifupi 175 miliyoni ya zaka zinayi, koma pulogalamuyo inafa mu Meyi 2025 gawo loyamba lokha litatuluka. Mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pa chaka.

Izi zingamveke ngati nkhani za ku Capital Hill, koma ndi zomwe zinkaimitsa magalimoto a kontrakitala kuno. Kontrakiti imasainidwa m'makwacha. Phula, zitsulo, dizilo ndi zida za makina zimagulidwa m'madola. Kwacha ikagwa, kontrakitala amati mtengo wakale sukukwananso, boma limati lilibe zowonjezera, makalata amayenda miyezi, mvula n'kubwera kudzakokolola zomwe zinayambidwa. Kuwonjezera apo, boma linkaopa kukweza mtengo wa mafuta, moti ogula mafuta kunja ankaluza, ndipo msonkho uja wokonzera misewu sunkafika mokwanira kumene umayenera kupita. Amene anagonapo pamzere wa mafuta pa Nchalo, kapena kugula petulo wa m'chigubu kwa anyamata a m'mbali mwa M1 kuti njinga yamoto ya kabaza iyende, anali akulipira mtengo wa mfundo imeneyi kachiwiri.

Feteleza wa kumtunda, mbuzi za kuchigwa

Pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP ndiyo inali mwana wachisamba wa Tonse. Chaka choyamba, 2020/21, inapatsidwa K160 biliyoni, cholinga chili kufikira mabanja oposa 4 miliyoni, ndipo thumba linagulidwadi pa K4,495. Mvula inagwa bwino, chimanga chinachuluka, boma linadziguguda pachifuwa. Chaka chotsatira thumba linafika pa K7,500, kenaka K15,000, uku chiwerengero cha opindula chikutsika kufika pa 2.5 miliyoni, kenaka 1.5 miliyoni, n'kumatsikabe.

Vuto la ife ndi lakuti pulogalamuyi inaganiziridwa ndi maso a mlimi wa chimanga wa ku Kasungu kapena ku Dedza. Kuchigwa ulimi uli pawiri. Kumphala, kumene mvula ndi yochepa ndipo dzuwa limaotcha, anthu amadalira mapira, mchewere, thonje ndi chitowe. Kudimba, m'mphepete mwa Shire ndi m'madambo a Elephant Marsh ndi Ndindi, amadzala chimanga, mbatata ndi nyemba madzi akaphwa, pa nthaka ya makande imene mtsinje wathira kale chonde. Mlimi wotere thumba la NPK lofika mu Disembala si chimene chimamusowetsa tulo. Chimene amafuna ndi mbewu pa nthawi yomwe madzi akubwerera, mankhwala ophera mbozi pa thonje, dipi ndi katemera wa ng'ombe, poti matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka misika ya ziweto imatsekedwa, komanso msika wodalirika.

Apa boma linachitapo chinthu chanzeru chimene sichitchulidwa kawirikawiri. Kuyambira chaka chachiwiri cha AIP, mabanja 30,000 a ku Chikwawa ndi Nsanje anaikidwa kuti alandire mbuzi ziwiri zazikazi m'malo mwa feteleza. Kumeneko kunali kuvomereza kuti dziko lino si munda umodzi. Mbuzi imapirira chilala, imaswa msanga, ndipo mwana akadwala kapena fizi ikafunika imagulitsika pa msika wa Ngabu tsiku lomwelo. Koma kugula mbuzi zikwizikwi kudzera mwa ochita malonda amene akudikira malipiro a boma si ntchito yophweka, ndipo zinkachedwa kufika.

Kwinaku AIP inkameza gawo lalikulu la ndalama za unduna wa zaulimi, zotsalira alangizi ndi mbewu zina n'kukhala zochepa. Thonje, lomwe linafika pa matani pafupifupi 100,000 mu 2012 boma la nthawiyo litathiramo K1.6 biliyoni, m'zaka zomaliza za Tonse silinkafika ngakhale pa matani 20,000. ADMARC inatsekedwa mu 2022 kuti ikonzedwenso, antchito ake zikwi zingapo n'kuchotsedwa, ndipo njala itafika madepoti ambiri analibe chogulitsa. Mu Malichi 2024, chilala cha El Niño chitapsereza mbewu, a Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Kuno ulengezi wotere umapeza amayi atayamba kale kulowa m'madambo kukazula nyika, madzi ali m'chifuwa, mwana wina ali pamtunda kuyang'anira ng'ona, kuti madzulo pakhale chowiritsa.

Sabata ya namondwe Ana

Tsiku lomwe a Chakwera ankachotsa nduna zonse ku Lilongwe, namondwe Ana anali akukhuthula mvula kummwera. Damu la Kapichira linagumuka, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunatha chaka ndi miyezi mpaka makina anayambanso kuzungulira mu 2023. Msewu wa M1 unaduka malo angapo, mlatho wa Chapananga pa mtsinje wa Mwanza unaonongeka, Chikwawa ndi Nsanje zinakhala zisumbu. Masiku ochepa chabe izi zitachitika, mayi Abida Mia anakwezedwa kukhala nduna ya madzi ndi ukhondo, unduna womwe unangoimitsidwa paokha.

Ambiri anamva mawu oti madzi n'kuganiza kuti zonse zokhudza Shire zalowa m'manja mwa mwana wakwathu. Sizinali choncho. Damu la Kapichira ndi la kampani yopanga magetsi ya EGENCO, pansi pa unduna wa zamagetsi. Ngalande ya mthirira ili ku unduna wa zaulimi. Misasa ya othawa madzi ndi thandizo lawo ndi za DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Gawo lalikulu la unduna wa mayi Mia linali madzi akumwa ndi ukhondo, ndipo m'chigwa momwe mijigo yambiri imatulutsa madzi amchere ntchito imeneyi si yaing'ono: m'madera ena munafika mipope yopopedwa ndi mphamvu ya dzuwa. Koma undunawo unangoyamba ntchito kolera n'kubuka mu Malichi 2022, Nsanje ili m'gulu la maboma oyamba kukhudzidwa, ndipo mliriwo unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Ngalande ija ndiyo chitsanzo chabwino cha mmene ntchito zazikulu zimapitirira moyo wa boma limodzi. Maganizo othirira chigwa chonse anayamba m'nthawi ya atsamunda. World Bank inavomereza ndalama za Shire Valley Transformation Programme mu 2017, ntchito yokumba inakhazikitsidwa mu 2020 a Mutharika adakali pampando, Tonse n'kuipeza ili m'njira. Cholinga ndi kutenga madzi pa Kapichira, kuwayendetsa okha popanda mapampu kulowera ku Bangula, n'kuthirira mahekitala 43,370. Alimi amalembetsa malo awo potsata lamulo la malo a makolo la 2016, n'kuwaphatikiza m'makopaletivi, monga anachitira anzawo a nzimbe ku Phata ndi Kasinthula. Namondwe Ana anaononga pamene ngalandeyo imayambira, mapulani anajambulidwanso, mitengo inakwera. Boma la Tonse linaisunga ntchitoyo yamoyo ndipo linapeza ndalama za gawo lachiwiri, zomwe n'zoyamikika. Koma pofika tsiku lovota alimi ambiri olembetsa malo anali akudikirabe madzi.

Namondwe Freddy anabwera mu Malichi 2023, n'kupha anthu oposa 1,000 tikaphatikiza osowa, ndi kusamutsa oposa theka la miliyoni. Patangopita milungu yochepa Nyumba ya Malamulo inadutsitsa lamulo latsopano lothana ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi, lolowa m'malo mwa la 1991, lomwe limapatsa boma mphamvu yolengeza kuti malo ena si okhalamo anthu. Papepala nkhani yosamutsa anthu a ku Makhanga, dera la ku Nsanje lomwe limasefukira madzi kawirikawiri, inathera pomwepo. Kumudzi sinathe. Munthu amene dimba lake limamudyetsa kawiri pa chaka sangapite kumtunda kopanda munda, kopanda mjigo, kopanda sukulu chifukwa choti lamulo lasainidwa. Nyakwawa ikasamuka imakakhala mlendo pa malo a mfumu ina. Malowo afunika kugulidwa, ndipo tabwereranso ku Treasury.

Sitima ya pa Marka

Njanji yochokera ku Beira, yodutsa pa mlatho wa Dona Ana kulowa Marka, Nsanje, Bangula, Chiromo, Makhanga mpaka Limbe, ndiyo inali khomo la dziko lino kwa zaka zambiri. Nkhondo ya ku Mozambique inaitseka m'ma 1980, ndipo madzi a mu 1997 anaikokolola pa Mtayamoyo, pafupi ndi Bangula. Kuyambira pamenepo wochokera ku Bangula kupita kutsidya la kum'mawa amakwera bwato: njinga imalipira payokha, thumba la chimanga palokha, wodwala amagonekedwa pakati, ndipo madzi akakwiya onse amadikira pagombe. A Bingu anayesa njira ina, doko la Nsanje, lomwe analitsegula mu Okutobala 2010 pamaso pa a Robert Mugabe ndi a Rupiah Banda, pomwe chombo choyembekezeredwacho chinali chitagwidwa ku Mozambique. Dokolo lili chikhalire.

Tonse inasiya za doko n'kutsata njanji, ndipo kwa ine kumeneku kunali kusankha bwino, chifukwa a ku Mozambique anali okonzeka ndipo anamaliza mbali yawo mpaka Vila Nova da Fronteira. Mbali yathu ndi makilomita 72, Marka mpaka Bangula. Mu 2021 ACB inaimitsa kontrakiti yoyamba itapeza zolakwika pa kasankhidwe ka kontrakitala, ntchito inalengezedwanso, ndipo mu 2022 inaperekedwa kwa kampani ya ku China ya CR20 pa mtengo wa K68 biliyoni. Kenaka kwacha inagwa kawiri, Freddy anakakamiza kuti milatho ijambulidwenso. Mu 2024 sitima yonyamula mafuta inafikadi pa Marka kuchokera ku Beira, koyamba m'zaka pafupifupi 40, ndipo amene anaiona sadzaiwala. Ku Bangula inali isanafike pamene bomalo limatuluka, osanenanso za kuoloka Shire.

Zilipo zina zimene boma limeneli linachita zomwe sizioneka ndi maso pamsewu. Linakweza malipiro osadulidwa msonkho kuchoka pa K45,000 kufika pa K100,000 pa mwezi, ngakhale kukwera kwa mitengo kunadya phindu lake. Linayambitsa kugwira ntchito kwa lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga wa boma mu Sepitembala 2020, lomwe linakhala m'kabati kuyambira 2017. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, CDF, linakwera kuchoka pa K40 miliyoni kufika pa K100 miliyoni, kenaka K200 miliyoni, ndipo midadada ya sukulu ndi timilatho tambiri ta m'midzi tinachokera m'menemo. Ntchito 1 miliyoni ndi pasipoti ya K14,000 ndiye sizinaoneke.

Pa 16 Sepitembala 2025 a Mutharika anabwerera ndi mavoti 56.8 peresenti, a Chakwera, omwe ulendo uno anaima opanda UTM, n'kupeza 33, ndipo anavomera kugonja MEC isanalengeze. Wachiwiri kwa pulezidenti ndi mayi Jane Ansah, omwe ankatsogolera MEC pa chisankho chofafanizidwa chija. Nyumba ya Malamulo tsopano ili ndi mipando 229 m'malo mwa 193. Ndipo poti 50+1 idakalipo, boma latsopanoli nalonso linalowa ndi abwenzi oti liwabweze: a Mutharika anagwiritsa ntchito gawo la malamulo lolola pulezidenti kusankha wachiwiri wina wochokera ku chipani china, n'kupereka mpandowo kwa a Enoch Chihana a AFORD, mpando womwe bambo awo a Chakufwa Chihana anakhalapo m'nthawi ya a Bakili Muluzi.